Bedi ya MK3 ya printa ya 3D ndi yabwino, koma yezani mawaya musanachoke pa shopu

Ndikupereka nyenyezi zitatu basi, ndipo ziwiri ndachotsazo si chifukwa cha katunduyu ayi, ndi chifukwa cha mwini shopu. Amene mumagula zida zamagetsi mtauni muno mukumudziwa, sinditchula dzina, ndi uja amaitanitsa ma Arduino ndi ma stepper motor n'kumaika pa status ya WhatsApp. Ndinagula kwa iyeyo bedi yotentha ya MK3, mbale imene printa ya 3D imaprintirapo zinthu, ya aluminiyamu ija ya 214 mm mbali zonse, pamodzi ndi thermistor yoyezera kutentha, masipuling'i anayi ndi ma screw ake, pamtengo omwe uja amalengeza pa gulupu, sanachotseko ngakhale ya sacramento, njinga ya kabaza, yobwererera ku Chibavi.

Printa yanga ndinapanga ndekha potengera printa ya Prusa i3, fulemu ya pulayiwudi, mabolodi oyendetsa printa ndi RAMPS 1.4 pa Arduino Mega, pulogalamu ya Marlin mkati, power supply ya 12V. Pulasitiki ya PLA ndakhala ndikuprinta pa galasi lozizira ndi kaguluu pang'ono, zimayenda. Koma anyamata a ma Sienta anayamba kufuna zoikapo foni pa dashibodi, ndiye PLA mugalimoto yoima padzuwa imafewa, ikangofika cha m'ma 60 digiri yapindika. Pamafunika pulasitiki ya ABS yopirira kutentha, ndipo ABS imafuna bedi ifike madigiri 100 kapena kuposerapo, apo ayi ngodya zimatukuka chinthu chisanathe n'komwe.

Ndiye mkuluyu pogulitsa anandiuza kuti achimwene musavutike, mawaya ndakuwotchererani kale a 12V, mukangolumikiza basi, mungowonjezera kangachepe ka ntchito. Ndinawonjezera. Kunyumba ndinaimanga bwinobwino pa thabwa la Y, lija limayendetsa bedi kutsogolo ndi kumbuyo, screw ya M3 pangodya iliyonse, sipuling'i pakati, nati pansi, thermistor pakati penipeni ndi tepi yopirira kutentha ya Kapton, galasi pamwamba ndi timakilipu ta mapepala tija. Ndinalevula ndi pepala pansi pa nozo yotulutsa pulasitiki ngodya zonse mpaka zinafanana. Kuika 100, nambala kuyamba kukwera, 25, 30, 35, kenako kumangokwawa, kufika cha m'ma 40 yayima nji, posakhalitsa Marlin yalemba Heating failed printa yonse yazima. Kuyambiranso, chimodzimodzi.

Kumuimbira foni akuti power supply yanu ndi yofooka. Ndinamuuza kuti ndi ya 30A ndipo mita ikuonetsa 12V yosagwedera ngakhale bedi itayaka. Basi wasintha nyimbo, akuti ndi kuzizira kwa Mzuzu, bedi ikutaya moto pansi, bwerani mudzagule thonje lotchingira. Zoona munali mu June, ku Chibavi m'mawa kumazizira zoti zala zimauma ndipo kachipinda kanga ndi ka malata opanda siling'i, ndiye zimene amanenazo zinkamveka ndithu. Ndinapita kukagula thonjelo, lija lomata lokha lokhala ndi pepala la aluminiyamu kunsi kwake, ndalama inanso. Kumasula bedi yonse, kumata, kumanganso, kulevulanso. Inakwerako madigiri ochepa koma 60 yomwe siinaione.

Apa mpamene ndinaika mita pa mawaya a bedi aja kuti ndiyeze resistance, mmene bedi imakanizira moto kudutsa, ndipo inawerenga pafupifupi 5 ohm. Abale anga, bedi imeneyi ikalumikizidwa mwa 12V imayenera kuonetsa 1 ohm ndi kakanthu pamwamba. Kutembenuza mbale, katebulo kalembedwa pomwepo pafupi ndi powotcherera, aliyense wodziwa kuwerenga atha kukaona. Pali malo atatu. Pa 12V waya mmodzi amapita pa 1, winayo amagwira 2 ndi 3 pamodzi. Pa 24V mpamene umaika pa 2 ndi 3 pokha, 1 n'kumusiya. Mkuluyu anawotcherera pa 2 ndi 3. Mkati mwa bediyi muli njira ziwiri za kopa, pa 12V moto umadutsa zonse ziwiri nthawi imodzi, pa 24V umadutsa imodzi kenako inzake, ndiye ukalumikiza mwa 24V koma n'kupatsa 12V resistance imakula kanayi, mphamvu imatsika kanayi. Bedi yoyenera kukoka ma watt oposa 100 imakoka cha m'ma 30, ngati kuphika nyemba pa kandulo. Ndipo munthu amene anachita zimenezi ndi yemwe anandilipiritsa ya ntchito, n'kundigulitsanso thonje kuti likonze vuto lomwe iye mwini anayambitsa.

Ndinanyamula bedi ndi mita kubwerera ku shopu. Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti pamaso pa makasitomala ena anayamba kukweza mawu, akuti wagulitsa mabedi ambiri kwa ana a ku Mzuni palibe anadandaulapo, inuyo ndi amene simudziwa kulumikiza. Katebulo ndikumulozera ndi chala, iye osafuna n'kuyang'ana komwe, maso ali pa foni. Ine ndimagula pamenepo kuyambira kalekale, mawaya, ma driver, ma bearing, lero ndasanduka wosadziwa kanthu.

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana amene amakonza mafoni pa kabenchi ka kuseri. Anangodzuka osayankhula, kutenga bedi, kuika mita yake, kuyang'ana katebulo, kenako anati bwana, achimwenewa akunena zoona, apa mwaika za 24. Shopu yonse zii. Anachotsa mawaya aja, ndipo poti aluminiyamu imamwa moto wonse wa ayironi yowotcherera mtovu osagwira, anayamba watenthetsa mbale yonse ndi mpweya wotentha uja amachotsera ma IC, kenako ayironi yaikulu, kulumikiza 2 ndi 3, waya wina pa 1, mtovu wonyezimira bwino osati zibuluma zinalipo poyamba zija. Mita inawerenga 1.3. Asisi amenewo sanapemphe kalikonse, ndinachita kuwakakamiza ya drink. Mwini shopu pepani sanatchule, ya ntchito ija sanabweze, anangoti ndiye zatheka tu.

Tsopano kunena chilungamo, bediyo payokha ndilibe nayo mawu. Mbale ndi yowongoka, ndinaika rula yachitsulo pamwamba sindinaone mpata, ndipo poti ndi aluminiyamu ya 3 mm kutentha kumafalikira bwino, m'ngodya simutsalira kwambiri ngati ma bedi aja a PCB yokhayokha, bolodi yamagetsi yopanda aluminiyamu. Thonje lija, ngakhale ndinaligula mokwiya, ndi lothandiza ndithu ndipo sindingalichotse. Usiku wozizira bedi ikufika 100 n'kukhazikika, pomwe mnzanga wa ku Katoto amene ali ndi bedi yomweyi yopanda chotchingira amachita kuvindikira katoni pamwamba kuti ifike. Thabwa la Y ndi ma bearing pansi sizikutenthanso, zomwe pa fulemu ya pulayiwudi ndi nkhani yaikulu chifukwa thabwa likamatentha limapindika levulo n'kusokonekera.

Pomata thonjelo dulani mpata kuzungulira powotcherera, pepala la aluminiyamu lija likakhudza 1 ndi 2 ndi shoti yomweyo, ine ndinasiya danga ngati la chala n'kuphimba ndi Kapton. Boolaninso m'ngodya kuti masipuling'i akhale pa mbale penipeni osati pa thonje, apo ayi muzingolevula tsiku lililonse. Ndipo bedi ikayamba kukoka moto wake weniweni, 10A kapena kuyandikira, MOSFET ya pa RAMPS, kaswichi koyatsa ndi kuzimitsa bedi, ndi pulagi yake yobiriwira ija zimatentha zoopsa, ine ndinaika MOSFET yapadera kuti moto wa bedi usadutse pa bolodi, ndi waya wonenepa womangidwa ndi cable tie pa thabwa kuti bedi ikamapita kutsogolo ndi kumbuyo isamakoke powotcherera. Masipuling'i a mupaketi ndi ofewa kwambiri, amafuna kusintha. Thermistor ndi ya 100K wamba, ikuwerenga bwino.

Zoikapo foni za ABS zikutuluka ngodya zonse zitagona pagalasi, oda ya ma Sienta ndapereka. Bediyi gulani, thonje gulaninso, koma muuzeni mwini shopu akupatseni bedi yosawotcherera, kapena mufunse kuti awotcherere asisi a kuseri aja inu mukuona, mita ili m'manja. Ine ya ntchito ija ndikuifunabe ndipo ndamulembera pa WhatsApp, waona koma sanayankhe.