The Virtual Brain: ubongo woyerekezera pakompyuta ndi zimene ungathandize pa matenda a maganizo

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya The Virtual Brain kwa miyezi ingapo, ndipo chimene ndinkafuna kudziwa n'chakuti, kodi chida chimene chinatchuka pa kafukufuku wa khunyu chingathandizenso munthu amene akufufuza za matenda a maganizo? Pulogalamuyi ndi yaulere, inalembedwa mu Python (chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta), ndipo ena mwa amene anaitsogolera ndi Viktor Jirsa wa ku Marseille, Petra Ritter wa ku Berlin ndi Randy McIntosh, amene ankagwira ntchito ku Toronto pamene pulogalamuyi inkayamba. Ikupezekanso pa EBRAINS, malo a pa intaneti amene anachokera ku Human Brain Project, ntchito yaikulu ya mayiko a ku Ulaya imene inayamba mu 2013 n'kutha mu 2023.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, koma pulogalamuyi siyesa n'komwe kutsata selo lililonse palokha. Imagawa ubongo m'zigawo, zimene pa chitsanzo chobwera ndi pulogalamuyo zilipo 76, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa masamu osonyeza mmene gulu la maselo limadzukira ndi kukhazikika. Wofufuza amasankha yekha masamu amene akufuna, kaya amene analemba akatswiri Wilson ndi Cowan mu 1972, kaya a Jansen ndi Rit a mu 1995. Zigawozo zimalumikizidwa potengera zithunzi za diffusion MRI (njira ina yojambulira mkati mwa ubongo), zimene zimaonetsa njira za mitsempha, ndipo uthenga umachedwa kufika malinga ndi kutalika kwa njira iliyonse. Pamapeto pake pamatuluka mafunde ofanana ndi a EEG (kuyeza magetsi a mu ubongo ndi timawaya toika pamutu) kapena fMRI (kujambula mmene magazi akusinthira mu ubongo ukamagwira ntchito), amene munthu angawayerekezere ndi a wodwala weniweni.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nambala imodzi yokha, yoonetsa mphamvu ya kulumikizana kwa zigawo zonse. Nditaitsitsa, mizere ya pa sikirini, yoimira mafunde a chigawo chilichonse, inkangoyenda payokhapayokha, iliyonse osalabadira inzake. Nditaikweza mopitirira muyeso, mizere yonse inayamba kukwera ndi kutsika pamodzi, ndipo ndinataya madzulo onse ndikuganiza kuti ndapeza chinthu chachikulu pamene ndinali nditangolakwitsa ndekha. Pakati pa mbali ziwirizi pali kampata kakang'ono pamene ubongo woyerekezerawo umachita zinthu zofanana ndi za munthu amene akungopuma, ndipo kufunafuna kampata kameneka kunandiphunzitsa zambiri kuposa zimene ndinawerenga.

Pa khunyu, phindu lake n'losavuta kuliona, chifukwa funso lake ndi lolunjika: kodi kugwa kumayambira pa chigawo chiti, ndipo madokotala achite opaleshoni pati? Ku France anafika poyesa njirayi pa odwala enieni m'kafukufuku wotchedwa EPINOV, amene anayamba mu 2019.

Matenda a maganizo sali choncho. Kuvutika maganizo kapena schizophrenia (matenda amene angachititse munthu kumva kapena kuona zinthu zimene kulibe) zilibe malo amodzi amene munthu angaloze ndi chala, ndipo dokotala amazizindikira pomvetsera zimene wodwala akufotokoza ndi kuona khalidwe lake, kotero kuti anthu awiri angapatsidwe dzina limodzi la matenda pamene zizindikiro zawo zikusiyana kwambiri. Komanso manambala osiyana oikidwa mu pulogalamuyi angatulutse mafunde ofanana, choncho kufanana kwa ubongo wa pakompyuta ndi wa wodwala si umboni woti mwapeza gwero la matendawo. Kafukufuku wa Scott Marek ndi anzake, amene anatuluka m'magazini ya Nature mu 2022, anasonyeza kuti pofuna kugwirizanitsa zithunzi za ubongo ndi khalidwe la anthu modalirika pamafunika anthu masauzande ambiri, osati makumi ochepa. N'chifukwa chake nkhokwe ngati UK Biobank ya ku Britain, imene imasunga mfundo zokhudza thanzi la anthu pafupifupi 500,000, n'zofunika kwa aliyense amene akufuna kuchita ntchitoyi mosamala.

Oyamba kumene adziwiretu kuti ngakhale pali tsamba lodinadina losavuta, ntchito yeniyeni imafuna kudziwa Python ndi masamu ndithu, ndiponso kukonza zithunzi za MRI kumachitika ndi mapulogalamu ena monga FreeSurfer ndi MRtrix. Kuyerekezera fMRI kumadyanso nthawi, popeza kompyuta imawerengera m'tizigawo tochepa kuposa milisekondi imodzi pamene mafunde a fMRI amafuna mphindi zingapo.

Wofufuza amene ali ndi funso lomveka bwino, mwachitsanzo lofuna kuona chimene chimachitika m'ubongo wonse maselo oletsa, amene amachepetsa kudzuka kwa maselo anzawo, akafooka m'chigawo chimodzi, ndingamulimbikitse kuti aiyese pulogalamuyi. Koma dokotala amene akufuna chida chomuuza matenda a wodwala amene wakhala patsogolo pake, kapena mankhwala oyenera kumupatsa, asayembekezere kuti achipeza m'menemu pakali pano.