Ma shock atsopano anabwera ndi phokoso lomwe akale analibe

Galaja imene inandiikira ma shock ndikuipatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndi za bambo achikulire amene amagwira ntchito chakumbuyo kwa galajayi, pafupi ndi dzenje loonerapo galimoto kunsi. Zikanakhala za mnyamata wa pakauntala ndi mnzake amene anagwira galimoto yanga, sindikanapereka ndi imodzi yomwe. Dzina la galaja sinditchula, koma ili chaku Kamuzu Road konkuno ku Salima, ndipo ili ndi shopu yakeyake ya zipangizo.

Galimoto yanga ndi Vitz ya 2008. Ndimayendera pakati pa Senga Bay ndi paboma, nthawi zina ndimalowa msewu wafumbi wa ku Lifuwu kukatenga mpunga. Ma shock akumbuyo anali atatheratu, mafuta akuchucha, galimoto ikumayendera kuvina ngati bwato pa mwera. Ndinagula awiri pashopu yawo yomweyo pa K190,000, kuikitsa K25,000. Mitengoyi inu mukuidziwa, chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 zipangizo za galimoto sizigwirika. Ndinalipira osanyinyirika chifukwa ndinkafuna zinthu zithe kamodzi.

Chomwe chinandiwawa n'chakuti ma shock akale aja, ngakhale anali otha, sankalira. Atsopanowa pahampu yoyamba yomwe: gu! chakumbuyo kumanja. Pa phula losalala zii, koma tayala likangogunda kadzenje kapena kamwala, gu gu, phokoso lomveka ngati lili mkati mwenimweni mwa buti. Achimwene anga anandiuza kuti ndisathamangire kukalalata, ndiyambe ndatulutsa tayala lapadera, jeke ndi masipanala onse, ndigwedezenso paipi ya ekizozi kuona ngati malabala ake oikolekera sanaduke. Zonsezo ndinachita, buti mbee, ekizozi ili nganganga. Phokoso lomwe lija.

Nditabwerera, mnyamata wa pakauntala uja sanadzuke ndi pampando pomwe. Maso pa foni, akuti: "Mayi, shock yatsopano imalira kaye, ikazolowera imasiya." Ndinamuuza kuti sindinamvepo zimenezo. Akuti ndiye vuto ndi msewu wanu wa ku Senga Bay. Msewu womwewo ndauyenda zaka zonsezi ndi ma shock otha popanda phokoso limeneli! Ulendo wotsatira nyimbo inasintha, akuti ndi ma link a stabilizer, tizitsulo tolumikizira ta kunsi kwa galimoto, ndionjezere K60,000. Galimoto sanaiyang'ane, kiyi ali m'manja mwanga. Kenako anatembenukira mnzake n'kunena chapansipansi, koma mofuna kuti ndimve, kuti azimayi akamva kaphokoso kalikonse amaona ngati galimoto ikugwa. Mawu amenewo ndi amene andichititsa kulemba izi. Ndalama zanga polandira sanafunse kuti ndi za mzimayi kapena za mwamuna.

Ndinakweza mawu, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Apa m'pamene bambo achikulire aja anatulukira, akupukuta m'manja ndi chisanza. Sanafunse za mkangano. Anangoti: "Mayi, tiyeni mundiyendetse, ineyo ndikhala kumbuyo." Anapinda mipando, n'kukhala mubuti chogwada, munthu wa imvi, ovololo yake ili girisi yekhayekha. Anachotsa katchingo kapulasitiki kam'mbali kamene kamabisa mutu wa shock, n'kuikapo chala. Anandiuza kuti ndisiye phula, ndilowe kanjira kafumbi ka kuseri kwa msika, pang'onopang'ono. Sitinapite patali. "Imani, ndalipeza. Bwerani mugwire nokha." Iwo anatsika n'kumakankhira galimoto pansi ndi kuisiya, ine chala chili pa nati yapamwamba ija. Ndinaimva ikudumpha, ikumenya, ndipo kugogoda kwake kunali komwe kuja kwandisowetsa mtendere.

Titabwerera anamasula pamaso panga, n'kuyala zonse pa katoni. Shock ya Vitz kumwamba kwake imathera ndi kachitsulo koongoka kolowa pabowo la bodi. Pamakhala labala pansi pa bodiyo, labala ina pamwamba, washala yachitsulo, kenako manati. Malabala amene anatuluka mmenemo anali akale omwe aja, ophwatalala, ong'aluka m'mbali, ouma gwa. Shock yatsopano, malabala a shock yakufa. Natinso inali isanafike pomwe imayenera kufika. Anandifotokozera kuti ukamamanga nati imeneyo, kachitsulo kaja kamazungulira limodzi ndi nati, ndiye umayenera kukagwira kunsonga kwake ndi sipanala yaing'ono. Ukapanda kutero umaona ngati wamanga pomwe pakadali mpata, ndipo mpata umenewo ndi umene umagogoda tayala likakwera ndi kutsika. Ndinawafunsa za ma link a K60,000 aja. Anagwedeza mutu, n'kundiitanira kudzenje kuti ndione ndekha: kumbuyo kwa Vitz yanga kuli chitsulo chimodzi chopingasa cholumikiza matayala onse awiri, masipuling'i ndi ma shock. Ma link kulibe. Ndikanalipira chinthu choti pagalimoto yanga palibe ndi pochimangirira pomwe.

Apa mtima unayamba kutsika, chifukwa ndinaona kuti pamalopa pali munthu wodziwa ntchito ndiponso wa chilungamo. Anatuma mwana wophunzira ntchito kukafufuza makatoni a ma shock anga. Kathumba ka malabala atsopano kanapezeka kali komweko, kosatsegula. Anaika bwinobwino mbali zonse ziwiri. Anamasulanso mabawuti apansi, akuti anamangidwa galimoto ili pa jeke, matayala ali lende. Labala ya pamenepo ikamangidwa choncho, galimoto ikatsika imakhala yopotoka nthawi zonse, imayamba kulira kwiii ndipo sichedwa kung'ambika. Iwo anadikira kuti galimoto iime ndi matayala ake pamwamba pa dzenje, m'pamene anamanga. Anaonanso ngati masipuling'i akhala bwino pamalabala ake, n'kundiuza kuti amenewo akadali ndi moyo, wina asandinamize. Ndinafuna kuwapatsa ya fanta, anakana, akuti ntchitoyi ndinalipira kale.

Koma nkhani siinathere pomwepo. Pomasula shock ya kumanzere anakweza chotchingira fumbi, n'kukhala kaye chete. Pa chitsulo chonyezimira chija panali mano a pulayala, zipsera zoonekeratu, zoti ukayendetsapo chikhadabo chimakodwa. Mnyamata amene anaika ma shock uja atavutika ndi kuzungulira kuja, anangochipana ndi pulayala pakati pomwe. Chitsulo chimenecho chimayenera kukhala chosalala chifukwa chimalowa ndi kutuluka pa silo yotsekera mafuta. Chikakandika chimadya siloyo pang'onopang'ono, ndipo pakamwa pa shock panali patayamba kale kunyowa. Bambo aja sanabise, ananena pamaso pa anyamata onse awiri kuti shock imeneyi aipha okha ndipo siikhalitsa.

Mwini galaja nditamupeza anayamba ndi zoti katundu akatuluka pageti sabwezedwa. Ndinamuuza kuti shockyo sinaonongekere kunja kwa geti, yaonongekera m'manja mwa wantchito wake. Anaitana bambo aja, ndipo iwo anabwereza zomwe zija osachotsapo kanthu, ngakhale amene amawafunsayo ndi amene amawalipira. Pamapeto pake mwini galajayo anavomera kuitanitsa ina ku Lilongwe mwaulere, koma akuti yoikitsa ndilipirenso. Ndakana, ndipo pamenepo sitinagwirizanebe. Wa pakauntala uja mpaka lero sanapepese, ndikalowa amangoyang'ana kumbali.

Galimoto pano ili phee. Ndapita nayo ku Lifuwu, ndabwera ndi matumba a mpunga kumbuyo, ndakafikanso ku Lilongwe pa M14 ndi mahampu ake onse, osamva kugogoda. Ma shock enieniwo sindikuwadandaula, akugwira bwino msewu, ndipo kumbuyo sikukuvinanso. Ngati mukupita pagalajayi, musasiye kiyi pakauntala n'kuchoka. Funsani bambo achikulire akudzenje, ndipo ngati palibe tsiku limenelo bwererani. Muuzeni wokonzayo akuonetseni malabala akale amene wachotsa, komanso muone kuti mabawuti apansi akumangidwa galimoto itatsika pa jeke. Shock yanga ya kumanzere akuti ifika Lachisanu, ndipo ndawauziratu kuti woiika akhale bambo omwewo, ine ndili pomwepo.