Makapisozi a green tea, tiyi wa ku Thyolo ndi chidede: zimene ndaona ine

Mwandifunsa kokwanira pa WhatsApp ngati makapisozi a green tea, tiyi ndi chidede zimatsitsadi cholesterol (mafuta a m'magazi), chiyambireni pomwe ndinanena kuti a dokotala anandipeza ndi cholesterol yokwera, ndiye ndingoyankha kamodzi basi.

Ndiyambe ndi makapisozi chifukwa ndi amene anandiwawa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandionetsa zithunzi pa foni, makoswe awiri, wina wonenepa wina wowonda, eti uyu anamwa green tea extract. Ndinagula botolo. Chimene sanandiuze n'choti botolo limatha pa masabata awiri okha ukamamwa mmene iwo akunenera, ndiye kuti upeze mtengo wotsika uyenera kulowa gulu lawo, kulipira ya joini, kenaka uzikokanso anzako. Miyezi itatu ndalama zikungopita, nditakayezetsanso LDL, cholesterol yoipa ija, inali pomwe paja, kusuntha pang'ono chabe.

Za makoswezo si bodza ayi. Mu green tea muli ma polyphenol (makemikolo achilengedwe a m'zomera) otchedwa catechin, wamkulu wake EGCG, ndipo mwa makoswe amasokoneza mmene ndulu imasungunulira mafuta m'matumbo, ndiye cholesterol yambiri imangotuluka ndi chimbudzi m'malo molowa m'magazi. Koma khoswe amampatsa mlingo waukulu kwambiri poyerekeza ndi thupi lake, amadya zomwe wapatsidwa basi, sapita ku chiwaya madzulo ngati ine. Ndi chimodzimodzi nkhani ya resveratrol, polyphenol ina yopezeka m'khungu la mphesa komanso pang'ono mu mtedza. Mu 2006 gulu la David Sinclair ku Harvard linaonetsa kuti mbewa zodya zonona zikapatsidwa resveratrol zimakhala moyo wautali, chiwindi chili bwino, koma sizinawonde kwenikweni, ndipo mlingowo kuti munthu aupeze mu vinyo ndi matambula mazanamazana pa tsiku. Wogulitsa sakuuzani zimenezo.

Chinandiopsa kwambiri ndi chiwindi. Mu 2018 bungwe la ku Ulaya loona za chakudya, EFSA, linanena kuti EGCG ya m'makapisozi ikafika 800 mg pa tsiku imayamba kuonetsa zizindikiro zoti chiwindi chikuvutika. Ine ndimamwa m'mawa ndisanadye kalikonse, mmene anandilangizira mayi aja. Nditamva zimenezi ndinasiya tsiku lomwelo, botolo lomaliza likadali mu kabati.

Tiyi wamba wa ku Thyolo ndi Mulanje ndimamukondera, ndivomere. Wakuda uja ali ndi ma polyphenol ake, theaflavin, ndipo green tea wofulula m'kapu amatsitsa LDL pang'ono ndithu mwa anthu, koma pang'ono penipeni. Vuto ndi ifeyo, masupuni atatu a shuga, mkaka, mandasi awiri pambali, ndiye ukuti ukuchotsa mafuta? Chinanso, tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho amene magazi amakuchepera kapena woyembekezera asamamwere pa chakudya, adikire kaye.

Chidede n'chotchipa, n'chokoma, koma umboni wake wakhala kwambiri pa BP osati pa cholesterol, ndipo kuwawasa kuja kumakukakamiza kuthira shuga.

Chomwe chinatsitsadi manambala anga ndi kapiritsi ka atorvastatin kamene ndinkakathawa chaka chonse poopa "mankhwala a moyo wonse". Ma statin, gulu la mankhwala lomwe atorvastatin alimo, amatseka enzyme ya m'chiwindi yopanga cholesterol, ndipo LDL imatha kutsika ndi 30 mpaka 50 peresenti, palibe tiyi angafike pamenepo. Ena amamva kupweteka kwa minofu, ine sindinamve, koma zimenezo mukambirane ndi a dokotala anu.

Pano ndimamwa kapiritsiko usiku, tiyi wopanda shuga cha m'ma 10, chidede Loweruka kukatentha. Mayi aja timapatsanabe moni pa geti la tchalitchi, sabata yatha anandiuza kuti kwabwera ina yatsopano ya mphesa.