Gold Wing, BMW kapena Harley: funsani wokhala kumbuyo

Lamulungu m'mawa msewu wopita ku Hartbeespoort umadzaza ndi njinga zamoto. Anthu a ku Johannesburg ndi ku Pretoria amatuluka kukadya kadzutsa m'mbali mwa damu, ndipo poimika njinga pamakhala ngati pamsika: aliyense akuyamikira yake, akunyoza ya mnzake. Ine ndi amayi akunyumba takhala tikupitako kwa nthawi ndithu pamene tinkafuna kusintha njinga yathu, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti usamafunse wapachiwongolero. Iye akuuza za mphamvu ndi liwiro mpaka tiyi atazizira. Dikira apite kukalipira, ufunse mayi amene watsika kumbuyo uja akudziwongola msana.

Ife tinakulira pa kabaza, ndiye timaona ngati kukhala kumbuyo kwa njinga si nkhani. Koma kabaza ndi wa mphindi khumi, kuchoka pa depoti kukafika kunyumba. Kuno tikunena za maola asanu ndi atatu pa mpando umodzi, mphepo ikukumenya pachipewa, maondo atapindika. Njinga zimene zimatchulidwa kwambiri pa ntchito imeneyi ndi zinayi: Honda Gold Wing Tour, BMW K1600 GTL, Harley-Davidson Ultra Limited, ndi BMW R1250RT.

Ndiyambe ndi Gold Wing chifukwa ndi imene zinzakezo zimayesedwa nayo. Yoyamba, GL1000 ya 1975, inali ya masilinda anayi ndipo inalibe ngakhale galasi lotchinga mphepo. Eni ake ndi amene ankagula magalasi ndi mabokosi n'kumangirira okha, mpaka Honda inaona zimene anthu akufuna n'kutulutsa Interstate, Gold Wing yobwera ndi galasi ndi mabokosi kale, mu 1980. Masilinda asanu ndi limodzi anabwera mu 1988, ndipo ya masiku ano, imene inasinthidwa yonse mu 2018, ili ndi injini ya 1,833cc. Injini imeneyi inagona chopingasa pansi penipeni, masilinda atatu uku atatu uko. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chake. Njinga yolemera makilogalamu oposa 380 umayembekezera kuti ikuvuta, koma ikangosuntha kulemera kuja kumasowa, chifukwa kuli pansi pa maondo ako. Mpando uli pa 745 mm, moti munthu wamfupi ngati ine amaponda pansi ndi mapazi onse awiri.

Wakumbuyo pa Gold Wing amakhala ngati ali pa sofa. Msana watsamira pa bokosi, mapazi ali pa timatabwa totakasuka, mpando uli ndi chotenthetsera cha nthawi yozizira ya ku Highveld kuno. Koma chimene azimayi ambiri anatchula si mpando ayi. Ndi magiya. Gold Wing ili ndi mtundu wa DCT, wa magiya asanu ndi awiri osintha okha, wopanda klatchi ya pamanja. Amene anakwerapo awiri akudziwa kaphokoso kaja ka zipewa zikagundana nthawi iliyonse imene wakutsogolo wasintha giya mosasamala. Go! Kenako chigongono m'nthiti. Pa DCT zimenezo kulibe. Komanso ili ndi kachitidwe koyenda pang'onopang'ono kutsogolo ndi m'mbuyo ukamaimika, kotero sutsitsa mnzako kuti akukankhe pagulu pa anthu.

Eni Gold Wing enieni agawikana pawiri, ndipo mkangano wawo ndi wofunika kuumva musanatulutse ndalama. Ya kale, ya 2001 mpaka 2017, inali yaikulu, ya thanki ya malita 25 ndi mabokosi otenga katundu wa malita pafupifupi 150. Ya 2018 inachepa thupi, thanki inatsika kufika malita 21, mabokosi n'kutsala malita 110. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka poona kuti zipewa ziwiri zikuluzikulu zimavuta kulowa m'bokosi lapamwamba, ndipo mu 2021 Honda inakulitsa bokosilo kufika malita 61, zonse pamodzi n'kukhala 121, n'kugonekako pang'ono chotsamira cha wakumbuyo. Amuna ambiri amakonda yatsopano chifukwa imakhota bwino. Akazi awo ambiri amakumbukirabe yakale. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo yatsopano mukuifuna, yang'anani ya 2021 kupita mtsogolo. Chodandaula china cha oyendetsa aatali n'chakuti masilinda aja amatseka malo, miyendo sungaitambasule kutsogolo.

K1600 GTL inabwera mu 2011 kudzalimbana ndi Gold Wing maso ndi maso. Nayonso ndi ya masilinda asanu ndi limodzi, koma ondandalika mzere umodzi, 1,649cc, ndipo imatulutsa ma horsepower 160 pamene Gold Wing ili cha m'ma 125. Kusiyanako kumamveka ukafuna kudutsa mathiraki atatu otsatizana pa N1, muli awiri ndi katundu yense. Umangopotokola pang'ono, wadutsa. Thanki yake ndi ya malita 26.5, nyali yake imatsatira khona njinga ikapendama, ndipo pa mapiri ngati Long Tom Pass ku Mpumalanga woyendetsa amatsika akumwetulira. Vuto limene eni ake amavomereza, ena monyinyirika, lili pa liwiro la munthu woyenda pansi. Papepala ndi yopepukirapo kuposa Gold Wing, cha m'ma makilogalamu 350, koma kulemerako kuli m'mwamba, ndipo wakumbuyo amakhala pamwamba kuposa wakutsogolo. Kutembenuka pamalo opanikiza kumafuna mtima. Wakumbuyo amakhala bwino, inde, koma mphepo imamupeza kwambiri, ndipo njinga yamphamvu chonchi imanyengerera mwini wake kuthamanga. Zotsatira zake mukuzidziwa: chigongono chija.

Harley ndi nkhani ina. Munthu sagula Ultra Limited atawerenga manambala, chifukwa pa manambala imagonja pafupifupi paliponse. Imalemera kuposa zonse, kupitirira makilogalamu 410, ilibe rivesi, ndipo injini yake ya Milwaukee-Eight 114, ya 1,868cc ndi masilinda awiri, imathera mphamvu pamene ya BMW ikungoyamba kumene. Komabe ndikanama ndikanena kuti wakumbuyo savomereza. Bokosi lake la Tour-Pak lili ndi chotsamira chozungulira mpaka m'chiuno, ndipo limatsegukira kumbali, moti mutha kutengamo botolo la madzi mnzanu osatsika. Woyendetsa amatambasula miyendo momwe akufunira. Pa msewu wosalala, wowongoka, pa liwiro la makilomita 110 pa ola, palibe njinga imene imakupatsa mtendere ngati imeneyi, ndipo kulira kwake ndi kumene ana amathamangira kumsewu kudzaonera. Koma mashoko akumbuyo amayenda mamilimita 76 okha, pamene a R1250RT amayenda 136. Dzenje lililonse limene tayala lakumbuyo lalowamo limakathera mu msana wa amene wakhala pamwamba pake, ndipo ameneyo si inu. Kutentha kwa injini mukaima pa mzere wa magalimoto ndi dandaulo lakale la eni ake, n'chifukwa chake kampaniyo inaika njira yozimitsa silinda yakumbuyo njinga ikaima. Amene amagula Harley amagulanso gulu. HOG, bungwe la eni ake, lilipo kuyambira 1983, ndipo kwa ena maulendo a pamodzi amenewo ndi theka la mtengo wake.

R1250RT imaoneka ngati mwana pakati pa zitatuzi. Masilinda awiri otulukira m'mbali, 1,254cc, ma horsepower 136, thanki ya malita 25, kulemera makilogalamu 279. Taganizani: yapepuka ndi makilogalamu 100 kuposa Gold Wing, matumba awiri a chimanga. Apolisi a m'mayiko ambiri amayendera mtundu umenewu tsiku lonse, ndipo si mwangozi. Galasi lake limatchinga mphepo bwino kwambiri. Zofooka zake n'zoonekeratu. Mpando uli pa 805 kapena 825 mm, wamfupi amaponda ndi zala. Bokosi lapamwamba, lomwe ndilo chotsamira cha wakumbuyo, limagulidwa palokha, ndipo popanda ilo musayerekeze n'komwe ulendo wautali. Ngakhale mutaliika, ndi mpando wabwino wa njinga, si sofa. Popeza R1300RT inatuluka mu 2025, za 1250 zikupezeka zambiri kwa ogulitsa zakale.

Zikanakhala kuti maulendo athu amathera ku Clarens ndi ku Durban, nkhani ikanathera pomwepa ndipo Gold Wing ikanapambana. Koma ife timapita kumudzi. Ulendo wa ku Blantyre kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi wa makilomita oposa 1,700, ndipo umafunsa njinga mafunso amene ogulitsa ku Gauteng saganizira.

Funso loyamba ndi tayala. Gold Wing yatsopano imavala 200/55 R16 kumbuyo ndi 130/70 R18 kutsogolo, masaizi amene njinga zina zochepa kwambiri zimagwiritsa ntchito. RT imavala 120/70 ndi 180/55 pa malimu a 17, saizi yofala kuposa ina iliyonse pa njinga zikuluzikulu za pamsewu wa phula. Tayala likang'ambika pakati pa Mutoko ndi Nyamapanda, kusiyana kumeneku ndi kusiyana kwa kudikira tsiku limodzi ndi kudikira sabata kuti basi ya ku Joni ikubweretsereni. Lachiwiri ndi mahampu a m'matauni ang'onoang'ono a kwathu, ena omangidwa ngati mizere ya mbatata. Mimba ya Gold Wing ili mamilimita 130 okha kuchoka pansi, ndipo muli awiri ndi katundu imatsikanso. Lachitatu ndi mafuta. Amene anali ku Malawi m'zaka za 2022 mpaka 2024 akukumbukira mizere ya pa mafilingi. Thanki ya malita 25 pa njinga yosamwa kwambiri imakupatsa mtunda wotalikirapo ndithu kuposa ya malita 21 pa njinga yolemera. Apa Gold Wing imabweza pang'ono: injini yake sisankha petulo, pamene BMW ndi Harley zimafuna wa 95. Lachinayi ndi dzuwa la ku Tete mu October ndi November, lopitirira madigiri 40, mukukwawa kumbuyo kwa mathiraki pa boda. Pamenepo injini yaikulu pakati pa miyendo imasanduka mbaula. Ndipo pa msewu wapatuka chifukwa akukonza, wamiyala, lamba woyendetsa tayala lakumbuyo la Harley amaopa kamwala kolowa pakati, pamene zinzake zitatuzo zimayendera shafti yotsekeka.

Pali nambala ina imene palibe amaiyang'ana pogula: katundu amene njinga imaloledwa kunyamula. RT siyenera kupitirira makilogalamu 505 zonse pamodzi, kutanthauza kuti anthu ndi katundu ndi 226. Zikuluzikuluzo, ngakhale zili ndi mabokosi aakulu, zili cha pa 200. Werengani nokha. Bambo 90, mayi 75, zipewa, majekete ndi nsapato 15, tafika kale pa 180. Chatsalacho ndi zovala za masabata awiri, osati mabulangete a apongozi. Katundu wa abale atsogole pa basi.

Ndinagwetsapo njinga kamodzi, ina yakale imene ndinali nayo, pa filingi, itaima. Phazi linaponda pa dizilo wotayika. Amayi akunyumba anangotsetsereka n'kukhala pansi osavulala, koma kuidzutsa kunafuna ine ndi anyamata awiri othira mafuta. Imeneyo sinkafika n'komwe makilogalamu 300. Chiyambire tsiku limenelo ndikaona njinga ndimayamba ndadzifunsa kuti ikagona pa mchenga wa ku Cape Maclear, tili awiri okha, tiidzutsa?

Za kukonza ndinene mwachidule. BMW zimafuna sevisi pa makilomita 10,000 aliwonse, Harley pa 8,000. Mavalavu a RT ndi osavuta kufikira chifukwa mitu ya injini ili panja, pamene a K1600 amafuna kumasula zambiri ndipo bilu yake imaonetsa. Mavalavu a Harley safuna kutchunidwa n'komwe. Gold Wing ili ndi mbiri yoyenda makilomita mazana a masauzande popanda kutsegula injini, ndipo mbiri imeneyo inaigwirira ntchito. Zonse zinayi zili ndi makompyuta amene makaniko wa pansi pa mtengo sangawagwire, ndiye sevisi ichitikiretu kuno musananyamuke. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndipo kuno ku South Africa njinga yopitirira 125cc imafuna laisensi ya Code A, pepala la galimoto silikuthandizani.

Wina anena kuti bwanji osangogula BMW R1250GS Adventure, ya thanki ya malita 30 ndi tayala la 19 kutsogolo. Ngati mtima wanu uli pa msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kapena ku Nyika, gulani imeneyo, zinayi zija zisiyeni. Koma mpando wake uli pa 890 mm, ndipo mayi wovala bwino kukwera pamenepo amafuna mpando wopondera.

Ife tinayesa zonse zinayi, iliyonse kwa ola limodzi kapena kuposerapo, chifukwa kuzungulira kamodzi pa garaja sikukuuzani kanthu. Amayi akunyumba anagona tulo pa Gold Wing tisanafike n'komwe ku Magaliesburg, ndinazindikira chipewa chawo chitatsamira pa phewa langa. Pa Harley anajambulitsa zithunzi zambiri. Pa K1600 anandigwira m'chiuno mwamphamvu osayankhula kanthu. Pa RT anati mpando ndi wolimbirapo, koma atamva za tayala la pa Nyamapanda ndi za mchenga wa kunyanja anakhala chete kanthawi, kenako n'kufunsa mtengo wa bokosi lapamwamba. Tinatenga RT, tinaika bokosi lokhala ndi chotsamira, ndipo tinagwirizana kuti tiziima pakatha maola awiri aliwonse. Iwo anaika lamulo limodzi lokha, lakuti chaka chimene tidzasiye kupita kumudzi pa njinga, m'garaja mudzalowa Gold Wing ya DCT, ndipo mtundu wa penti adzasankha okha.