Firewall ya mu rauta kapena ya mu kompyuta?

Firewall ndi chitetezo chimene chimatchinga mauthenga osafunika kuti asalowe m'zipangizo zanu. Ya mu rauta (kabokosi kopereka Wi-Fi) ili ngati mlonda wa pageti: imateteza foni, TV ndi laputopu zonse za pa Wi-Fi yanu, n'kumabweza chilichonse cha pa intaneti chimene simunachiitane. Koma za m'nyumba saziona. Vairasi ikalowa kudzera pa flash ya mwana n'kuyamba kusakasaka makompyuta ena, rauta siiletsa.

N'chifukwa chake ndimadalira kwambiri ya mu kompyuta. Kuyambira 2004, pamene inatuluka Windows XP Service Pack 2, Windows imabwera nayo yoyatsiratu. Firewall imeneyi imasankha mapulogalamu oyenera kulandira mauthenga ochokera kunja, ndipo imapita nanu ngakhale pa Wi-Fi ya kuhotela. Kuipa kwake, vairasi yochenjera imatha kuizimitsa. Chonde, gemu ikakana kulumikizana, ipatseni chilolezo yokhayo, musazimitse firewall yonse.