Valavu ya breather pa Bonneville yanga, patatha miyezi 9

Achimwene ena amene timapemphera nawo kuno ku Leeds, ku England, andifunsa ngati agule valavu ya breather, yotulutsira mpweya mu injini, yonga imene ndinaika pa njinga yanga yamoto. Yankho lake silikwana m'mawu awiri, ndiye ndati ndilembe.

Njingayo ndi Triumph Bonneville T120 ya 1968, ya 649cc. Mapisitoni ake awiri amakwera ndi kutsika limodzi, choncho akamatsika amapanikiza mpweya wa mu crankcase, chipinda cha kunsi kwa injini. Mpweyawo ukasowa potulukira umakankha oilo m'magasiketi, makamaka maringi a mapisitoni akakhala otha ngati anga. Valavuyi imatulutsa mpweya koma siilola kuti ubwererenso. Ndinaimanga mu Epulo, ndipo ola silinakwane. Madontho a oilo m'garaja anachepa sabata yomweyo. Mpaka Okutobala ndinkaitama kwa aliyense.

Kutayamba kuzizira zinthu zinasintha. Kuntchito kwanga ndi makilomita 7 okha, ndimafika injini isanatenthe bwino. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi, ina imadutsa m'maringi n'kupita pansi, ndipo ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka madzi. Tsiku lina nditatsegula thanki ya oilo ndinapeza kuchivundikiro kuli zoyera, zolimba ngati chambiko. Paipi imene inabwera ndi valavuyo ndi yaitali, ndipo pepala la wogulitsa linati ikwere m'mwamba kunsi kwa mpando. Madzi ankadikha pokhota paipiyo. Mu Disembala chambiko chija chinamata kachitsulo kotsegukatseguka ka m'kati mwa valavu, mpweya unatsekeka, oilo n'kuyamba kuchucha mpaka kunyowetsa nsapato yanga. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa injini imeneyi ndinaisonkhera ndalama zaka ziwiri.

Makaniko wachikulire amene amandithandiza anadula paipiyo, anaiyang'anitsa pansi kuti madzi azitsikira m'kabotolo, ndipo anasendeza valavu kufupi ndi injini pamene pamatentha. Anandiuzanso kuti Loweruka lililonse ndiziyenda ulendo wa ola lathunthu kuti madzi aziuma mu oilomo. Ndinathira oilo watsopano wa 20W-50. Papita masabata 5 tsopano, chivundikiro chilibenso chambiko, ndipo kabotolo ndimakhuthula kamodzi pa sabata.

Wogulitsa uja ndi amene wandikhumudwitsa. Ndinamutumizira zithunzi, anakhala masiku 12 osayankha, kenako anati vuto ndi maringi anga. Za maringizo sindikana, koma za paipi yokwera m'mwamba analemba ndi iyeyo. Nditalimbikira anatumiza kachitsulo kena, ndalama yotumizira ndinalipira ndekha.

Valavu ndinagula mapaundi 45. Magasiketi, oilo ndi makaniko zadya mapaundi 130. Achimwene, valavuyo ikugwira ntchito ndipo sindiichotsa, koma mukagule kwa munthu wina, ndipo paipi mugule yanuyanu yaifupi.