Miyezi 9 ndikuwerengera ngongole ya Browns pa Over The Cap

Mu Malichi 2025 ndinalemba mawu ochepa oyamikira chowerengera cha pa Over The Cap, tsamba la pa intaneti lolondoloza makontrakiti a osewera a NFL (ligi ya mpira wa ku America wotchedwa American football) lomwe anayambitsa Jason Fitzgerald. Panthawiyo n'kuti nditangochigwiritsa ntchito masabata awiri okha. Chinandikopa chifukwa munthu wamba ngati ine, wokhala ku Ohio kuno ndi kusapota Cleveland Browns, nditha kudina pa dzina la wosewera, n'kusankha kumuchotsa, kumusinthanitsa, kumuwonjezera zaka kapena kukonzanso kontrakiti yake, pomwepo n'kuona mpata wa ndalama umene watsala. Polemba izi tili mu Disembala 2025, ndipo pafupifupi sabata iliyonse ndakhala ndikutsegula tsambali. Ndikuchiyamikirabe, koma pa chifukwa china, osati chimene ndinanena poyamba chija.

Kwa abale amene munakulira pa mpira wa miyendo, ndifotokoze pang'ono. Ku NFL timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingawerengetse pa osewera pa chaka, omwe amati salary cap. Malirewa anayamba mu 1994 pa madola 34.6 miliyoni. Mu 2024 anali 255.4 miliyoni, ndipo mu 2025 anafika 279.2 miliyoni. Malipiro a chaka amawerengedwa onse m'chaka chomwecho, koma bonasi yosainira kontrakiti imagawidwa mofanana m'zaka za kontrakitiyo, zosapitirira 5. Nzeru yonse ya kukonzanso kontrakiti yagona pamenepa. Timu imatenga malipiro a chaka chino, n'kuwasandutsa bonasi, wosewera n'kulandira ndalama zake zonse, koma m'mabuku zimamwazikira kutsogolo. Zaka za kontrakiti zikachepa amawonjezerapo zina zongolemba papepala, zotchedwa void years, kuti pogawira pachuluke.

Ndamvapo anzanga akunena kuti wosewera wakuti wadzipereka chifukwa chokonda timu, wavomera kukonzanso kontrakiti. Ayi ndithu. Pa kukonzanso kwa mtundu umenewu wosewera sataya kanthu, mwinanso amapindula chifukwa ndalama zimamupeza msanga. Kudula malipiro ndi nkhani ina.

Ine ndinaphunzirira pa kontrakiti ya Deshaun Watson, chifukwa ndi imene imatipweteka kuno. Browns inamutenga ku Houston Texans mu 2022, n'kupereka mwayi wake wosankha osewera m'gawo loyamba la draft (pamene matimu amasankha osewera achinyamata atsopano) kwa zaka zitatu, kenako n'kumusainitsa zaka 5 pa madola 230 miliyoni, onse otsimikizika, asewere asasewere. Sizoni yoyamba analetsedwa masewero 11 kutsatira madandaulo a amayi oposa 20 okhudza khalidwe lake, ndipo kwa ambiri a ife bala limeneli ndi lalikulu kuposa la ndalama. Mu 2023 anavulala phewa. Mu Okutobala 2024 mtsempha wa kuchitendene unaduka pa masewero ndi Cincinnati Bengals, ndipo pofika Januwale 2025 zinadziwika kuti wadukanso. M'masizoni atatu anasewera masewero 19 okha.

Malipiro ake pa chaka ndi madola 46 miliyoni. Mu Malichi 2025 timu inasiya pang'ono chabe ngati malipiro, pafupifupi 1.3 miliyoni, n'kusandutsa 44.7 miliyoni otsalawo kukhala bonasi. Mukagawa ndi 5 mupeza pafupifupi 9 miliyoni pa chaka, ndiye kuti m'chaka cha 2025 panatseguka mpata wa pafupifupi 36 miliyoni. Ndinachita masamu omwewa pa chowerengera chija ndipo anagwirizana. Ndinasangalala, makamaka poti mwezi womwewo Myles Garrett, katswiri wina wa Browns amene anali atapempha kuti achoke, anasaina kontrakiti yatsopano ya madola 40 miliyoni pa chaka. Ndinalemba kuti akuluakulu a timu apeza njira.

Chimene sindinachite tsiku limenelo ndi kudina pa chaka cha 2026. Chinali pomwepo, pambali penipeni, ine ndi amene sindinachiyang'ane. Nditachitsegula cha mu Meyi ndinapeza kuti Watson yekha akuwerengedwa madola oposa 80 miliyoni m'chaka chimenecho. Timu inali itachita kale zomwezi mu Malichi 2023 ndi mu Ogasiti 2024, ulendo uliwonse kutsegula mpata wa pafupifupi 36 miliyoni, ndipo zidutswa zonse za 9 miliyoni zija zimakaunjikana pa zaka zotsogolo, china pamwamba pa chinzake. Palibe dola imodzi imene inafafanizika. Kuyambira pamenepo ndinasintha kagwiritsidwe kanga. Ndikatsegula timu iliyonse ndimayamba ndi chaka chamawa ndi chamkuja, kenako mzere wa dead money, ndiye kuti ndalama zimene zidzawerengedwabe wosewera atachoka. Mpata wa chaka chino ndimauona pomaliza.

Mnzanga wina wa kwathu amene timaonera limodzi masewero Lamlungu amati zonsezi ndi katapila basi. Kwa kanthawi ndinkagwirizana naye, koma miyezi imeneyi yandionetsa kuti fanizoli likuperewera. Katapila amakula ndi chiwongoladzanja, pomwe ngongole ya cap ilibe chiwongoladzanja chilichonse. Ukakankha 36 miliyoni, udzalipira 36 miliyoni yomweyo, ndipo udzalipira pa nthawi imene malire akwera. Kuchoka pa 208.2 miliyoni mu 2022 kufika pa 279.2 miliyoni mu 2025 ndi kukwera kwa madola 71 miliyoni m'zaka zitatu. Aliyense amene anali ndi ngongole ya makwacha yopanda chiwongoladzanja pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023 akumvetsa chimene ndikunena: nambala ndi yomweyo koma kulemera kwake kwachepa. N'chifukwa chake Howie Roseman, mkulu woona za osewera ku Philadelphia Eagles, amakankhira ndalama kutsogolo mwadala kuyambira tsiku losaina, monga anachitira pa kontrakiti ya Jalen Hurts ya 255 miliyoni mu 2023, ndipo mu Febuluwale 2025 timuyi inatenga Super Bowl, fainolo ya NFL, pogonjetsa Kansas City Chiefs 40-22. A Chiefs nawonso akhala akukonzanso kontrakiti ya Patrick Mahomes mobwerezabwereza. Komabe malire anatsikapo mu 2021 chifukwa cha Covid-19, kuchoka pa 198.2 kufika pa 182.5 miliyoni, ndipo matimu ozolowera kukankha, monga New Orleans Saints, anaona zakuda.

Choncho vuto la Browns si njirayo. Vuto ndi munthu amene anamukankhira ndalamazo. Kukonzanso kontrakiti kulikonse ndi kulumbira kuti wosewera uyu tidzamufunabe zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, chifukwa ukamuchotsa, zidutswa zonse zotsala zimagwera pamodzi. Lamulo lokhudza osewera ochotsedwa pakadutsa pa 1 Juni limangolola kuzigawa m'zaka ziwiri, silizichotsa. Pa Mahomes lumbiro limenelo ndi lopepuka. Pa munthu amene mtsempha waduka kawiri, kukonzanso kulikonse kunali kukhoma msomali wina pa chitseko chotulukira. Kumayambiriro kwa 2025 kumuchotsa kukanasiya dead money yoposa madola 170 miliyoni. Mwini timu Jimmy Haslam anavomera poyera mu Malichi kuti kumutenga kunali kulakwitsa kwakukulu, koma kuvomerako sikusintha nambala.

Nthawi yambiri m'miyezi imeneyi ndaithera pa tsamba la Denver Broncos, kufuna kuona njira inayo. Iwo anachotsa Russell Wilson mu Malichi 2024, n'kumeza dead money ya madola 85 miliyoni, 53 m'chaka choyamba ndi 32 m'chachiwiri. Anthu ankati aphedwa. Anasankha quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu) wachinyamata Bo Nix wa malipiro ochepa, napambana masewero 10, n'kulowa mu playoffs (ndime yachipulula yolimbirana ukatswiri) chaka chomwecho. Ndikayerekeza matimu awiriwa mtima umandiwawa, ngakhale ndikudziwa kuti Browns, ndi ndalama zotsimikizika zija, inalibe khomo lotakasuka ngati la Denver.

Pa chowerengera chenichenicho, china chimene ndayamba kuchikonda mochedwa ndi nambala imene amaitcha effective cap space, yosonyeza mpata wotsala ukachotsa ndalama zosainira achinyamata a ku draft ndi zodzazira timu kufika osewera 51. Nthawi zambiri mpata umene amautchula pa wailesi umachepa kwambiri ukauona motere. Ndimagwiritsa ntchito pa kompyuta kuti ndizilemba zaka zitatu pambali m'kope, ndipo ndikulangiza aliyense woyamba kumene kuti achite zomwezo kwa mwezi umodzi asanatsutsane ndi munthu. Dziwaninso kuti kudina n'kosavuta, koma bonasi ndi ndalama zenizeni zimene mwini timu ayenera kutulutsa m'thumba msanga, ndipo si eni matimu onse amene amalola.

Kontrakiti ya Watson idzatha pakutha pa sizoni ya 2026. Ndikuyembekeza kuti mu Malichi 2026 adzaikonzanso, chifukwa sindikuona mmene timu inganyamulire 80 miliyoni pa munthu mmodzi. Tsiku limenelo ndidzatsegula 2027 kaye, kuti ndione ndalama zimene zidzakhale zikuwerengedwa pa dzina lake iye atachoka kale ku Cleveland.